Ndikadina Reply, yankho lizipita kwa ndani?

Mayi wina amene amayang'anira gulu la imelo la aphunzitsi wandilembera kuti: "Anthu athu akudandaula kuti akadina Reply, yankho likumapita kwa wolemba yekha, enawo osaliona. Gulu lathu lili pa Mailman, pulogalamu yoyendetsera magulu a imelo. Kodi ndisinthe kuti mayankho onse azigwera ku gulu?"

Mayi, ine ndikuti musasinthe, ngakhale dandaulo la anthu anuwo ndi lomveka.

Imelo iliyonse imakhala ndi mizere ina kumutu kwake imene pulogalamu yanu siionetsa. Umodzi mwa mizereyi ndi Reply-To. Chikalata cha RFC 5322 cha mu 2008, chomwe chimafotokoza kapangidwe ka imelo, chimati pamenepa ndi pomwe wolemba amasonyeza adiresi imene akufuna kuti ayankhidwirepo. Malowa ndi ake. Mukakasintha posankha potchedwa reply_goes_to_list mu Mailman, seva imayamba kulowetsapo adiresi ya gulu pa uthenga uliwonse, eni ake osafunsidwa.

Ndiye taganizani kuti mwasintha. Mphunzitsi waona uthenga wa mnzake wakale pagulupo, ndipo akufuna kumunong'oneza kuti malipiro ake sanalowe mwezi uno, amubwerekeko kangachepe. Wadina Reply monga amachitira tsiku lililonse, walemba, waikanso nambala yake ya foni, watumiza. Posakhalitsa uthengawo uli m'mafoni a aphunzitsi onse, ahedi ake omwe. Madzi akatayika saoleka. Koma amene amafuna kuyankha gulu lonse, yankho n'kupita kwa munthu mmodzi, amangotumizanso basi. Zolakwika ziwirizi sizilemera mofanana, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Vuto lenileni lili pa mapulogalamu owerengera imelo, ndipo mankhwala ake anapezeka kale. Mu 1998 chikalata china, cha RFC 2369, chinabweretsa mzere wa List-Post, womwe seva imalembamo adiresi ya gulu osakhudza Reply-To. Pulogalamu yabwino ikauona, imayenera kukupatsani njira zitatu zosiyana: kuyankha wolemba, kuyankha gulu, kuyankha onse. Thunderbird inaika batani la Reply to List mu 2009, ndipo mu Mutt mumangodina L. Gmail, imene ndikukhulupirira kuti ambiri mwa anthu anu ali nayo, ilibe batani loterolo. Zimandiwawa kuti chinthu chophweka chonchi chikusowabe pa pulogalamu ya anthu ochuluka chotere, mpaka oyang'anira magulu ngati inu n'kumakakamizika kukonza zomwe sanaononge.

Palinso china. Mu April 2014 Yahoo inakhwimitsa lamulo lake la DMARC, lothana ndi maimelo onamizira adiresi ya wotumiza, ndipo mauthenga a anthu ake odutsa m'magulu anayamba kukanidwa ndi maseva ena. Pofuna kuthana ndi zimenezi, magulu ambiri anayamba kulemba adiresi ya gulu pa From (mzere wosonyeza wotumiza), ya wolembayo n'kuisamutsira ku Reply-To. Ngati gulu lanu limatero, mzere umenewu ndiye njira yowongoka yofikira mwini uthenga, choncho musautsekenso.

Amene amakonda kusinthaku ali ndi mfundo yawo: zokambirana zimazirala anthu akamayankhana kumbali. Pa kagulu ka anthu asanu odziwana bwino, sindingalimbane nawo. Gulu la aphunzitsi, momwe muli akuluakulu ndi ongoyamba kumene ntchito, si lotero.

Chomwe mungachite sabata ino ndi kulembera anthu anu mizere iwiri yokha. Auzeni kuti pofuna kuyankha gulu adine Reply all, ndipo ayang'ane pa To ndi Cc asanatumize. Ena adzadandaula kuti uthenga umodzi ukuwafika kawiri, wina kuchokera kwa woyankha, wina kuchokera ku gulu. Mailman ili ndi posankha poletsa zimenezi pa tsamba la membala aliyense, pomwe palembedwa za duplicate copies, ndipo inuyo ngati woyang'anira mungathe kuwatcherera pa mndandanda wa mamembala.