Kodi "zikumbutso zokoma za masewera" ndi Chichewa chomveka?

Funso: Ndikulemba mawu oti ndikawerenge pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa bambo anga, ndipo ndikufuna kutchulamo makhadi ndi bawo zimene ankasewera nafe madzulo tili ana. Ndalemba kuti, "Ndili ndi zikumbutso zokoma za masewera amene timasewera monga banja." Akulu anga akuti chiganizochi sichikumveka bwino, koma akulephera kuloza pamene palakwika. Kodi vuto lili pati?

Yankho: Akulu anu akunena zoona, ndipo vuto loyamba lili pa mawu akuti "zikumbutso". Dzinali likuchokera ku mneni "kukumbutsa", choncho chikumbutso ndi chinthu chimene chimachititsa munthu kukumbuka, monga chithunzi, chipilala kapena mphatso imene wina anakusiyirani. Ngati makhadi aja mukuwasungabe m'kabati, atapindika m'makona ndipo limodzi litasowa, amenewo ndiwo chikumbutso chanu. Koma zimene zimabwera mumtima mukawaona, Chichewa sichizitenga ngati katundu amene munthu "ali naye". Chimazinena ndi mneni: ndimakumbukira, sindiiwala, ndimawasowa masiku amenewo, ndikakumbukira mtima umasangalala. Ena pothawa "chikumbutso" amagwera pa "chikumbumtima", koma kumeneko n'kusochera kwambiri, chifukwa chikumbumtima ndi chija chimamutsutsa munthu akalakwa.

Pakati pa "kukumbuka" ndi "kukumbukira" anthu ambiri sasiyanitsa, ndipo sindingamudzudzule wogwiritsa ntchito aliwonse mwa mawuwa. Komabe m'makutu mwanga "ndakumbuka" amayenera chinthu chimene chinaiwalika kenako chabwerera mwadzidzidzi, monga ponena kuti "ndakumbuka pamene ndinasiya makhadi", pamene "ndimakumbukira" amamveka ngati munthu akuchisunga chinthucho nthawi yaitali. Pa mawu opita kwa bambo anu ndingasankhe achiwiriwa.

Tsopano tione "timasewera". Mukawatchula pakamwa mawuwa sasokoneza, chifukwa kamvekedwe kake kamasiyanitsa nthawi. Mawu akakwera pa "ti-", ndiye kuti mumasewera mpaka lero. Akakwera pa "-ma-", ndiye kuti mukunena zimene zinkachitika m'mbuyomu. Vuto n'lakuti malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kuwaunikanso mu 1980 ndi mu 1990, saika zizindikiro zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, motero papepala ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Mwamwayi tili ndi "-nka-", amene sasiya chikayiko chilichonse. "Tinkasewera" akutanthauza kuti zinkachitika kawirikawiri, kalekale, ndipo nthawiyo inapita. "Tinasewera" kapena "tidasewera" akunena za ulendo umodzi umene unachitika n'kutha, pamene "tinali kusewera" akutiika pakati pa masewerawo, ngati kuti pali china chimene chinachitika tisanamalize: tinali kusewera pamene magetsi anazima. Munthu amene akusimba za ubwana wake ndi chikondi adzapeza kuti "-nka-" akubwera yekha m'chiganizo chilichonse: bambo ankagawa makhadi, mayi ankalemba zigoli, mng'ono wathu ankagona masewera asanathe.

Pali kamawu kena kamene ndikufuna mukaone bwino, chifukwa ndi kamene kamagwira ntchito imene inu mumafuna kuipatsa mawu akuti "zokoma". Kamawuka ndi "-ja". Mukati "masewera awa" mukuloza amene ali pafupi, ndipo mukati "masewera awo" mukuloza amene ali apo kapena amene angotchulidwa kumene. Koma mukati "masewera aja" mukuuza womvera kuti nonse awiri mukuwadziwa, munaliko, ndipo palibe chifukwa chofotokozera zambiri. Ine ndimaona kuti palibe mfotokozi amene angapose kamawu kameneka pa nkhani ya kukumbukira. Mng'ono wanga akangonena kuti "tebulo lija", ndimaona mwendo wake umodzi umene tinkauikira kapepala kopinda kuti lisagwedere, ndiponso dzanja la bambo likuphimba makhadi kuti tisawasuzumire. Sanena kuti linali labwino, ndipo safunikira kutero.

"Monga banja" si kulakwa kwenikweni, koma "monga" ndi mawu oyerekezera, ndipo wina angamve ngati munkangofanana ndi banja pamene simunali banja. Nenani kuti "banja lonse", "tonse a m'banja mwathu" kapena "tonse pamodzi". Chenjerani ndi "tili pabanja", chifukwa kukhala pabanja ndi kukwatira kapena kukwatiwa. Chiganizo chanu chikhoza kukhala chotere: "Bambo, sindiiwala masewera aja tinkasewera nanu madzulo, tonse titazungulira tebulo, ndipo ndikawakumbukira mtima wanga umasangalala."

Funso: Mwana wanga akapambana pa bawo amafuula kuti, "Agogo, ndakudya!" Agogo ake sadandaula, koma ine zimandivuta. Kodi ndimuletse mawu akuti "kudya"?

Yankho: Mneniyo musamuletse, chifukwa "kudya" ndi mawu enieni a osewera pamene wina watenga zosewerera za mnzake, ndipo palibe chipongwe m'menemo. Chimene chikusowa ndi "-ni" wa ulemu. Mwanayo anene kuti, "Agogo, ndakudyani." Masewera amaika mwana ndi wamkulu pa malamulo ofanana, ndipo mwana ali ndi ufulu wopambana ndi kusangalala, koma chiyankhulo sichisintha chifukwa cha zimenezo. Chimodzimodzinso posimba nkhaniyo mawa lake, iye anene kuti "ndinawagonjetsa agogo", osati "ndinamugonjetsa". Apa m'pamene ana ambiri amapunthwa, chifukwa koyambirira kwa mneni "a-" amaimira munthu mmodzi komanso anthu ambiri, moti "ankasewera" akukwanira mwana ndi agogo omwe, ndipo kusiyana kumaonekera m'kati mwa mneni, pa "-mu-" ndi "-wa-". Agogo nawo ali ndi ufulu woyankha kuti "wandidya, mdzukulu wanga", popeza wamkulu akhoza kuyankhula ndi mwana m'njira imeneyo.

Funso: Olondola ndi ati, "masewera" kapena "masewero"?

Yankho: Onse awiri ali m'kamwa mwa anthu ndi m'zolembedwa, ndipo onse akuchokera ku mneni "kusewera". Kusiyana kumene kulipo n'kwakuti "masewero" ali ndi umodzi wake, "sewero", ndipo sewero ndi chija anthu amachita pa nsanja, pa wailesi kapena pa kanema. Motero "masewero" akhoza kutanthauza zisudzo, ngakhale kuti atolankhani amawagwiritsanso ntchito kwambiri pa nkhani za mpira ndi mipikisano ina. Pa zimene makolo ndi ana amachita kunyumba pongofuna kusangalala, ine ndimasankha "masewera", ndipo sindinganene kuti makhadi ndi "sewero labwino". Chachikulu n'chakuti mukasankha amodzi musasinthesinthe m'nkhani imodzimodziyo. Polemba za anthu ochita masewerawo, kumbukirani kuti mmodzi ndi "wosewera" ndipo ambiri ndi "osewera". Kulemba kuti "osewera mmodzi" kwafala, koma kukuchokera pa katchulidwe kothamanga.

Funso: Kunyumba kwathu timangoti "ndawina", "waluza" ndi "ukubera". Kodi mawu amenewa ndi oyenera kuwalemba?

Yankho: "Kuwina" ndi "kuluza" ndi mawu obwereka amene anakhazikika kalekale, ndipo ngati mukulemba zimene anthu anayankhula patebulo, alembeni mmene anatulukira, chifukwa mwana amene wasangalala safuula kuti "ndapambana pa mpikisanowu". M'ziganizo zanu zofotokozera mungagwiritse ntchito "kupambana", "kugonja" ndi "kugonjetsa", podziwa kuti munthu amagonja yekha koma amagonjetsa mnzake. Ngati palibe wopambana, timati afanana mphamvu kapena alepherana.

"Kubera" si wobwereka ayi. Akuchokera ku "kuba", ndipo "-er-" wawonjezera ganizo la munthu amene chinthucho chamuchitikira, monga mmene "kudya" amaperekera "kudyera". "Wandibera" ndi dandaulo la amene waona mnzake akubisa khadi pansi pa ntchafu kapena akudumpha dzenje pa bawo. M'masewera a pakhomo mawuwa ndi opepuka ndipo nthawi zambiri amanenedwa anthu akuseka, pamene "chinyengo" ndi mawu olemera amene angamupweteke mwana mumtima. Mukamasimba za mchemwali wanu amene ankasuzumira pakati pa zala pa nthawi ya chibisalirano, nenani kuti ankabera.

Dzina lakuti "chibisalirano" lili ndi "-an-" amene amasonyeza kuti anthu akuchitirana chinthu, ndipo yemweyo ali mu "kuthamangitsana", "kupikisana", "kusinthana" ndi "kusekana". Wolemba za masewera a m'banja akagwiritsa ntchito aneni amenewa safunikira kubwereza "pamodzi" m'chiganizo chilichonse, chifukwa "tinkathamangitsana" wanena kale kuti munali angapo.

Funso: Ndinalemba kuti "bambo ankatiseweretsa" ndipo wina anati ndawanyoza. Zoona?

Yankho: Simunawanyoze mwadala, koma mneniyu ali ndi matanthauzo awiri. Munthu akhoza kuseweretsa khanda pomalisangalatsa, ndipo kumeneko n'kukoma mtima. Koma kuseweretsa munthu wamkulu kapena ndalama ndi kusalemekeza kapena kusasamala, ngati kuti munthuyo ndi chidole. Ngati mukunena za ana amene anali atakula moti ankadziwa malamulo ndi kupikisana nawo bambowo, lembani kuti "bambo ankasewera nafe", ndipo ngati iwo ndiwo anakuonetsani kagwiridwe ka makhadi, onjezerani kuti "ndiwo anatiphunzitsa".