Mwana wa zaka 7 ndi nyengo ya Lenti

Mayi, mwafunsa kuti mwana wanu wa zaka 7 mumufotokozere bwanji za Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, komanso ngati nayenso azisala kudya. Ndikuyankhani ngati Mkatolika, anzathu a mipingo ina awonjezera zawo.

Mwanayo musamusalitse. Mpingo sunapemphe zimenezo. Lamulo losadya nyama limayambira pa zaka 14, pomwe kusala kwenikweni ndi kwa a zaka 18 mpaka 59, ndipo ndi masiku awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Mwana wopita kusukulu m'mimba muli pululu saganiza za Mulungu, amangowodzera m'kalasi.

Yambirani pa zimene waona ndi maso. Phulusa la pamphumi lija limachokera ku kanjedza amene tinanyamula chaka chatha pa Lamulungu la Kanjedza. Ngati kanjedza wanu akadali chisomekere kuseri kwa chithunzi pakhoma, mutsitseni amugwire. Mawu akuti ndiwe dothi ndipo kudothi udzabwerera, a pa Genesis 3:19, amene amanenedwa popaka phulusalo, amaopsa ana ena, mpaka kufunsa ngati afa mawa. Muuzeni kuti Mulungu anatiumba ndi dothi monga iye amaumbira ng'ombe zadongo, kenaka natiuzira mpweya wake, choncho ndife ake.

Za masiku 40, musimbireni nkhani ya pa Mateyu 4, Yesu ali m'chipululu, njala itamugwira, Satana n'kumuuza kuti asandutse miyala ikhale buledi. Mukatero mupatseni kalendala awerenge yekha kuchokera Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka Loyera. Apeza 46, ndipo akutsutsani. Achotse masiku 6 a Lamulungu, aone zotsala. Ku Misa mumutume akamvetsere ngati kwaya iyimbe Aleluya. Saimva mpaka usiku wa Pasaka.

Tsono apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi makolo ambiri. Kuno kwathu Lenti imagwa cha mu February ndi March, ufa ukuthera m'thumba, chimanga chisanache. Pakhomo pamene ndiwo ndi nkhwani ndi bonongwe tsiku ndi tsiku, kuuza mwana kuti tasiya nyama ndi nthabwala, ndipo iye amadziwa. Chimene angamve ndi chakuti chimene wadzimana chipite kwa wina. Mateyu 6, amene timawerenga tsiku la phulusa, amaika pamodzi kuthandiza osauka, kupemphera ndi kusala. Ndiye mukamaphika nsima, mwanayo atapeko ufa dzanja limodzi aike m'kachitini. Likadzafika Lachisanu anyamule yekha, mupite naye kwa agogo apafupi amene alibe owasamala, apereke ndi manja awiri, akhale pansi acheze nawo. Ngati mumamupatsa ya mandasi kapena zigege popita kusukulu, asankhe yekha tsiku limodzi pa sabata loti ndalamayo aponye m'botolo. Ndati asankhe yekha, chifukwa mukamulanda ndiye chasanduka chilango. Akalephera n'kugula mandasiwo, musamuopseze ndi moto, mawa ayambirenso.

Ku Njira ya Mtanda, pemphero lokumbukira masautso a Yesu poima malo 14, mupite naye, koma malo 14 ndi ambiri kwa msinkhu umenewo. Musanachoke pakhomo musimbireni za Simoni wa ku Kirene amene anasenza mtanda wa Yesu, ndipo mumuuze kuti akamva dzinalo akukodoleni. Mukhale chakukhomo, ndipo musaiwale botolo la madzi.