Mafunso ndi Mayankho: Loko amene akupotoka pang'ono kenaka n'kuima

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine bambo wa ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Dedza. Chaka chatha ndinayamba kuphunzira kutsegula maloko popanda kiyi ngati masewera a madzulo ndikaweruka kuntchito. Maloko onse amene ndimaphunzirirapo ndi anga, ogula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Siyaso ku Mbare, ndipo zida zanga ndinasula ndekha kuchokera ku tizitsulo topyapyala ta m'mawaipa a galimoto. Maloko otsika mtengo amatseguka mosavuta, koma pali loko mmodzi wamkuwa, wa mapini asanu, amene wandikanika kwa nthawi yaitali. Ndikakweza mapini awiri kapena atatu, mtima wa lokoyo, mbali imene kiyi amalowamo n'kuizunguza, umapotoka ngati watsala pang'ono kutseguka, kenaka umaima nji, ndipo mapini onse amamveka olimba. Ndikawonjezera mphamvu, kachitsulo kanga kamapindika. Kiyi wake ndili naye ndipo amatsegula, ngakhale kuti amalimba pang'ono polowa. Kodi loko ameneyu ndi wowonongeka, kapena pali chimene ndikuphonya?

Wowerenga wa ku Mufakose

YANKHO

Bambo, mwafotokoza momveka bwino moti ndikutha kuyankha mosakayika kuti loko wanu ndi wabwinobwino, ndipo zimene zikukuchitikirani zikusonyeza kuti zala zanu zafika patali kuposa mmene mukuganizira. Kupotoka pang'ono kuja kenaka n'kuima, opanga lokoyo anakukonza dala kuti wotsegula popanda kiyi anyengeke pamenepo.

Tiyambe ndi zimene zili mkati, chifukwa zala zimamva bwino chinthu chimene mutu ukuchiona. Maloko ambiri a mapini amene timagula masiku ano amatsatira kapangidwe kamene Linus Yale Jr. wa ku America anakalembetsa ku boma mu 1861 ndi mu 1865. Mkati mwa loko muli timabowo tondondozana, ndipo m'bowo lililonse muli mapini awiri osanjikizana, wapansi amene amakhudzana ndi mano a kiyi, ndi wapamwamba amene amakankhidwa ndi kasipuling'i. Kiyi akakhala kuti mulibe, pini wapamwamba amapingasa malire a pakati pa mtima wa loko ndi thupi lake, motero mtimawo sungazungulire. Kiyi woyenera amakweza mapini onse nthawi imodzi mpaka polumikizana pa awiriwo pafike ndendende pamalirewo. Wotsegula ndi tizitsulo amadalira mfundo yakuti palibe makina amene amaboola mabowo asanu pamzere wowongoka kotheratu, choncho akapotokola pang'ono, pini mmodzi yekha ndi amene amayamba kupanikizika. Akamukweza ameneyo mpaka pamalire, mtima umasuntha pang'ono zedi, pini wapamwamba amatsamira pamlomo wake, ndipo kupanikizika kumasamukira pa pini wina.

Opanga maloko akuidziwa bwino njira imeneyi. N'chifukwa chake m'maloko abwinoko, monga ambiri a kampani ya ABUS ya ku Germany, amaikamo mapini apamwamba otchedwa spool, amene ndi opyapyala pakati koma otambalala kumutu ndi kumunsi ngati kamtengo kokulungirapo ulusi wa makina osokera. Mapini wamba akakwera, mtima wa loko umapeza mpata pa chiuno chopyapyala cha pini wotereyu n'kupotoka mooneka ndi maso, koma mkombero wakumunsi wa piniyo umakodwa pansi pa mlomo wa bowo la m'thupi la loko, ndipo zonse zimaima. Apa ndi pamene inu mwakhala mukufika. Mukamawonjezera mphamvu mukungomangitsa mkomberowo pamene wakodwa, ndipo ngakhale kachitsulo kolimba chotani kangapindike pini asanasunthe.

Mankhwala ake ali m'dzanja limene likupotokola. Mukafika pamene mtima waima, chepetsani mphamvu mpaka kachitsulo kopotokolera kakhale kogwiridwa ndi nsonga ya chala chimodzi, mokwanira kungoletsa mtima kubwerera pamalo pake. Kenaka yendani pa mapini mmodzimmodzi kuyambira kumapeto, mukukankha aliyense modekha, maganizo anu onse ali pa chala chopotokola chija. Pini amene wakhala kale pamalo pake amagwedezeka pang'ono mopanda mphamvu ya sipuling'i kenaka n'kugunda polimba, ndipo ameneyo musiyeni. Koma mukakankha pini wa spool amene wakodwa, mudzamva kachitsulo kopotokolera kakukankha chala chanu cham'mbuyo, chifukwa mkombero uja sungadutse pamalire pokhapokha mtima utabwerera pang'ono. Lolani chalacho kuti chibwerere nako pang'onopang'ono popanda kutaya, uku mukupitiriza kukankha piniyo, mpaka mutamva kakuphulika kakang'ono ndi mtima ukupotokanso kutsogolo. Chinthu chovuta kuphunzira pa luso lonseli ndi chimenechi, chifukwa mtima wa munthu umakana kubweza chimene ukuona ngati wachipeza kale, ndipo ambiri amalimbitsa chala panthawi yeniyeni imene chimafunika kufewa.

Musadabwe ngati pobwerera paja mumva pini wina amene munamukweza kale akugwa. Zimenezi zimachitika ngakhale kwa akatswiri, ndipo sizitanthauza kuti muyambirenso. Mungobwerera kukamukwezanso ameneyo. Loko wa mapini asanu akhoza kukhala ndi ma spool awiri, atatu kapena anayi, choncho kuima ndi kubwerera kuja kungabwerezedwe kangapo asanatseguke.

Ngati mwayenda pa mapini onse koma palibe amene akubweza chala, ndiye kuti mwina mwakweza pini wina mopitirira, moti pini wapansi ndi amene tsopano wapingasa malire. Apa kiyi amene muli naye ndi mphunzitsi wabwino, ndipo kumuyang'ana si kubera ayi. Pamene kiyi wasongoledwa mozama pamakhala pini wapansi wamtali amene amangofunika kukwezedwa pang'ono kwambiri, ndipo pamene wasongoledwa mosazama pamakhala pini wamfupi amene amafunika kukwera patali. Ngati malo ozama ali kufupi ndi chogwirira ndipo osazama ali kunsonga, thupi la kachitsulo kanu limanyamula pini wamtali wakutsogoloyo pamene mukuyesetsa kufikira wamfupi wakumapeto, inu osadziwa. Pofuna kupewa zimenezi, sulani kachitsulo kena ka mbedza yokhota kwambiri, ndipo kopotokolera kaja mukaike kumtunda kwa bowo la kiyi, kufupi ndi pini woyamba koma osamukhudza, kuti kumunsi kukhale malo oyendetsa mbedzayo. Mukafuna kudziwa kuti munali mutafika pati, ikani loko pafupi ndi khutu n'kumasula mphamvu pang'onopang'ono, mukuwerenga mapini amene akugwa.

Maloko opachika ali ndi khalidwe lina limene maloko a m'zitseko alibe. M'ambiri mwa iwo mtima umalimbana ndi sipuling'i ya tizitsulo timene timagwira chitsulo chokhota chapamwamba chija, ndiye mapini onse atha kukhala pamalo pake koma loko osaoneka kuti watseguka mpaka mutapotokola ndi mphamvu yokulirapo. Choncho mukaona kuti mtima wapotoka kwambiri ndipo mapini onse akungogwedezeka opanda mphamvu, yesani kupotokola molimba kamodzi musanataye. Onetsetsaninso kuti chitsulo chokhotacho sichikukokeka, ndipo ngati n'kotheka chikanikizireni mkati, popeza chikakokeka chimamanga tizitsulo tija. Kumanga loko pa vaisi atakulungidwa m'kansalu kumathandiza kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Mwanena kuti kiyi amalimba polowa, ndipo zimenezi musazinyalanyaze. Loko wogula ku Siyaso mwina anakhala zaka pa geti, akumwa fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala ndi mvula ya Novembala mpaka Malichi, ndipo zinyalala zimene zimaundana m'mabowo zimabisa zonse zimene chala chiyenera kumva. Thirani WD-40 kapena parafini m'bowo la kiyi, lowetsani ndi kutulutsa kiyi mobwerezabwereza mukumupukuta ndi kansalu koyera mpaka zakuda zitasiya kutuluka, kenaka mugoneke loko chozondoka kuti aume. Akauma ndithu, ikani ufa wochepa wa graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo. Mukauika mukadali chinyezi umasanduka phala, ndipo mafuta ophikira, oyilo wa injini ndi girizi musaziyese n'komwe, chifukwa zimakoka fumbi n'kumata mapini.

Za zida zanu, chitsulo cha m'mawaipa n'chabwino ndithu, koma kupindika kumene mwanena kungachokerenso ku kasulidwe. Chitsulo chikatentha pa gilainda mpaka kusanduka chobiriwira ngati mtambo chimataya kulimba kwake, ndiye muzichiviika m'madzi pafupipafupi ndi kumalizitsa ndi tupa. Pomaliza chikwecheni ndi sandipepala wosalala mpaka chikhale chosakanda pachala, popeza kachitsulo kokhakhala kamakodwa m'mbali mwa bowo n'kukupatsani uthenga wabodza. Zida zogula zimakhala zochindikala pafupifupi mamilimita 0.6, ndipo za mabowo opapatiza ndi okhotakhota zimachepera pamenepo.

Nthawi imene mwataya pa loko ameneyu isakufooketseni. Wopanga maloko wina, Joseph Bramah, anaika loko wake pawindo la sitolo yake ku London mu 1790, atalonjeza ndalama zokwana ma guinea 200 kwa aliyense amene angamutsegule, ndipo lokoyo anakhala osagonja mpaka mu 1851, pamene Alfred Charles Hobbs wa ku America anamutsegula atagwira ntchito maola 51 m'masiku 16. Zala zikatopa zimaleka kumva ndipo zimayamba kukanikiza, choncho ndi bwino kugwira kwa mphindi zochepa, kupuma, n'kutsegula kaye loko wosavuta kuti dzanja likumbukire kufewa musanabwerere kwa wovutayo.

FUNSO

Akonzi, ndine mnyamata wa ku Epworth ndipo ndangoyamba kumene. Pa geti ya kwathu pali loko amene kiyi wake ndi wooneka ngati theka la kandodo kobulungira, wosongoledwa mopendekera. Ndikalowetsa kachitsulo sindikumva pini ngakhale mmodzi. Kodi ndiyambire pati?

Wowerenga wa ku Epworth

YANKHO

Achimwene, simukumva mapini chifukwa mulibemo. Loko wotereyu ali ndi timbale tachitsulo tosanjikizana, kalikonse kali ndi kampata m'mphepete, ndipo kiyi akamazungulira amatembenuza kambale kalikonse pamlingo wakewake mpaka timipata tonse tikhale pamzere umodzi kuti kachitsulo kopingasa kagweremo. Kapangidwe kameneka kanayamba ndi Emil Henriksson wa ku Finland mu 1907, ndipo ndi kamene kanabala maloko a Abloy, amene makampani ambiri anawatengera pambuyo pake. Timbaleti sitikankhidwa ndi masipuling'i ngati mapini, choncho mbedza ilibe ntchito mmenemo, ndipo pamafunika chida china chapadera chotembenuzira kambale kamodzikamodzi.

Koma ngakhale mukanakhala nacho chidacho, ndikanakuletsani kuphunzirira pa loko wa pa geti. Anthu a masewera amenewa padziko lonse, monga a bungwe la TOOOL limene linayambira ku Netherlands, amasunga malamulo awiri: munthu satsegula loko amene si wake popanda chilolezo cha mwini, ndipo saphunzirira pa loko amene akugwira ntchito. Nsonga ya kachitsulo ikathyokera mkati, kiyi salowanso, ndipo banja lonse lidzagona geti ili yosakiya kapena lidzafunika kudula lokoyo ndi sowo. Zida zanunso zizikhala kunyumba, chifukwa munthu wopezeka nazo m'thumba mu kombi kapena mumsewu usiku amavutika kufotokozera apolisi kuti ndi zamasewera chabe.

Poyambira pabwino ndi loko wa mapini anayi wamba, monga Master Lock No. 3 kapena wina wofanana naye, wogula nokha pamodzi ndi kiyi wake. Mukafika pomutsegula pini mmodzimmodzi mukudziwa kuti amene wapanikizika ndi uti, pezani wa mapini asanu, ndipo pamenepo yankho la bambo a ku Mufakose lidzayamba kukugwirirani ntchito.