Chimene chikubiriwitsabe nyanja ya Baltic chili m'matope

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji nyanja ya Baltic imadzazabe ndere mwezi wa Julayi, mpaka ana anu kulephera kusambira kufupi ndi Stockholm, chonsecho mayiko a kumeneko anachepetsa kalekale zonyansa za m'masuweji. Kuchepetsako n'koona. Anagwirizana ku Helsinki mu 1974, ndipo kuyambira m'ma 1980 fosifolasi, chakudya cha ndere chimene chimabwera ndi zonyansazo, wolowa m'nyanjayi watsika kwambiri. Koma wakale uja sanapite kulikonse, ali pansi m'matope, ndipo akutuluka pang'onopang'ono.

Matope akamalandira okisijeni, ayironi wa m'menemo amachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limagwira fosifolasi ngati ulimbo. Tsoka la Baltic ndi loti madzi ake ali pawiri: a m'mitsinje, opepuka, amayandama pamwamba, pomwe amchere kwambiri amakhazikika pansi kuyambira mamita 60 kapena 80, ndipo sasakanikirana. Ndere zikafa zimamira, mabakiteriya poziwoletsa amamaliza okisijeni yense, dzimbiri lija n'kusungunuka, fosifolasi n'kumasuka.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi mbali ya salufa. Madzi amchere amakhala ndi salufeti, mchere wokhala ndi salufa, ndipo okisijeni akatha mabakiteriya ena amayamba kupumira iyeyo, n'kumatulutsa mpweya wonunkha dzira lovunda. Amene anapondapo thope lakuda bii la kudambo, phazi n'kutuluka ndi fungo lija, akuudziwa. Mpweya umenewu umalanda ayironi n'kumusandutsa pyrite, mwala wa ayironi ndi salufa, ndipo ayironi womangidwa chotere sangagwirenso fosifolasi. Ndiye fosifolasi amakwera, n'kudyetsa ndere zimene mwaonazo, zomwe kwenikweni ndi mabakiteriya otha kudzitengera naitirojeni mumpweya. Zikafa zimamiranso, nkhani n'kuyambiranso. Ine zimandimvetsa chisoni kuti kukuya kwa pafupi ndi chilumba cha Gotland kuli dera lalikulu kumene nsomba kapena nyongolotsi sizingakhale.

Kumpoto kwa nyanja yomweyi, kudera lotchedwa Bothnian Sea, mcherewo ndi wochepa, salufetinso ndi wochepa, choncho ayironi amatsalako. Kumeneko amaphatikana ndi fosifolasi n'kupanga timiyala totchedwa vivianite, timene timasanduka tabuluu tikakumana ndi mpweya, ndipo fosifolasiyo amakwiririka m'matope momwemo.

Thandizo limabwera mwa apo ndi apo, mphepo ikakankha madzi a okisijeni kuchokera ku North Sea kudzera m'mipata yopapatiza ya ku Denmark, monga zinachitikira mu 1993, 2003 ndi Disembala 2014. Koma okisijeniyo sakhalitsa, komanso madzi a Baltic amatenga zaka pafupifupi 30 kuti asinthike. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi onena kuti ndalama zoyeretsera masuweji zinangolowa m'madzi. Pakanapanda zimenezo bwenzi lero zinthu zitafika poipa kwambiri.

Za anawo, munachita bwino kuwaletsa. Mtundu wina wa nderezi, wotchedwa Nodularia, uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo agalu amafa nawo akamwa madziwo. Mukaona madzi ali ngati phala lobiriwira, musalole mwana kulowamo, ndipo amene walowamo kale mumusambitse ndi madzi a pampopi nthawi yomweyo.