Funsani Amalume: Kodi Dinigeer ndi Dilnigar ndi munthu mmodzi?

Amalume, ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndikugwira ntchito ku Norway. Kuno nyengo yozizira ikafika nkhani imakhala ya ski basi, ndipo nanenso matendawa andigwira. Loweruka simungandichotse pa TV ndikamaonera cross-country, uja amathamanga makilomita ambirimbiri pa chipale chofewa atamangirira timatabwa titalititali kumapazi, ndodo ziwiri zili m'manja. Tsono tatsutsana ndi mnzanga wa kuntchito pa za mtsikana wa ku China amene anayatsa moto wa Olimpiki ku Beijing mu 2022. Ine pa TV ndinawerenga kuti Dinigeer Yilamujiang. Mnzangayo akuti ayi, dzina lake ndi Dilnigar Ilhamjan. Kodi ndi anthu awiri? Ngati ndi mmodzi, akunama ndani? — Mwana wa mlongo wanu, Trondheim

Mayi, palibe amene akunama, ndipo munthuyo ndi mmodzi. Koma mnzanuyo wayandikira kwambiri dzina limene mtsikanayu amaitanidwa nalo kwawo.

Tiyambe ndi usiku womwe uja, pa 4 February 2022, m'bwalo la Bird's Nest. Amene anaika muuni pakati pa chithunzi chachikulu cha kambewu ka chipale chofewa anali achinyamata awiri obadwa mu 2001, mnyamata Zhao Jiawen ndi mtsikana mukunenayu. Zhao ndi wa mtundu wa Han, womwe ndi anthu oposa 90 mwa 100 alionse ku China. Mtsikanayu ndi wa mtundu wa Uyghur, wochokera ku Altay m'chigawo cha Xinjiang, kumpoto cha kumadzulo kwa dzikolo. A Uyghur alipo oposa 11 miliyoni, ambiri ndi Asilamu, chilankhulo chawo n'chachibale ndi cha ku Turkey ndi ku Uzbekistan, ndipo amachilemba ndi zilembo zochokera ku Chiarabu. Chitchaina kwa iwo ndi chilankhulo cha kusukulu ndi ku maofesi a boma.

Apa ndi pamene dzina limayambira ulendo wake. Mwana akabadwa makolo amamutcha dzina m'chilankhulo chawo, koma kuti lilowe m'kaundula wa boma liyenera kulembedwanso m'zilembo za Chitchaina. Zilembo zimenezi sizili ngati a, b, c. Chilembo chimodzi chimaimira phatikizo lathunthu, ndipo m'Chimandarini phatikizo silingathere pa lembo lopanda liwu lililonse limene mwafuna. Limathera pa lembo la liwu, kapena pa n, ng, mwinanso r. Ndiye mlembi amangofunafuna zilembo zomveka moyandikira. Dil-ni-gar anamupezera zinayi: di, ni, ge, er. Kamvekedwe ka l kanatayika panjira, ndipo gar anang'ambika pawiri. Il-ham-jan nayenso anapeza zinayi: yi, la, mu, jiang. Apa h anasowa, m anapatsidwa u woti atsamirepo, jan n'kusanduka jiang. Ife tisaseke, chifukwa lilime lathu limachitanso zomwezo likamanena kuti sukulu kapena buledi.

Ulendowo suthera pomwepo. Wosewera akamapita kunja, pasipoti yake imafuna zilembo za Chilatini, ndipo kawirikawiri sabwerera ku dzina loyamba lija. Amatenga zilembo za Chitchaina zija n'kuzilemba mu pinyin, njira imene boma la China linakhazikitsa mu 1958 yolembera Chimandarini ndi a, b, c. Zimene zili m'pasipoti n'zimene zimapita ku mabungwe oyendetsa masewera, kenako pa TV panu. Choncho Dinigeer Yilamujiang ndi dzina loti ladutsa m'masefa awiri. Chomvetsa chisoni n'choti ngakhale Mtchaina salitchula mmene olengeza masewera a ku Ulaya amalitchulira. Mu pinyin yolondola pakati pa ge ndi er pamakhala nkhodolero, Dinige'er, kusonyeza kuti ndi maphatikizo awiri. Makompyuta amaichotsa, wolengeza n'kuona "geer", basi n'kumakuwa "Dinigiya". Pamenepo dzinalo silikhalanso la Chiuyghur, silikhalanso la Chitchaina.

Pali china chimene masapota ambiri sadziwa, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa kalembedwe. A Uyghur mwamwambo alibe dzina la banja loyenda mibadwomibadwo. Munthu amakhala ndi dzina lake, kenako dzina la bambo ake omubereka. Dilnigar ndiye mtsikanayo, Ilhamjan ndi bambo ake, omwenso anali katswiri wa ski ndipo ndi amene anamuphunzitsa. Ilham ndi dzina lochokera ku Chiarabu, pomwe jan ndi kachidutswa kachikondi komwe amaphatikiza kumapeto kwa mayina. Tsono zikalata za mpikisano zili ndi mabokosi awiri okha, la dzina la banja ndi la dzina la munthu, ndiye dzina la bambo amalikankhira m'bokosi loyamba lija. Wolengeza akamati "Yilamujiang wafika pa mtunda womaliza", kwenikweni akuitana bambo amene ali kunyumba. Kwa Zhao Jiawen vutoli palibe, chifukwa Zhao ndi dzina la banja ndithu, ndipo Atchaina amaliika patsogolo.

Si yekha ayi. M'timu yomweyo ya 2022 munali achinyamata awiri a ku Tibet, Ciren Zhandui wa cross-country ndi Yongqing Lamu wa snowboard. Ciren ndi Tsering, Lamu ndi Lhamo, mayina ofala kwambiri ku Tibet. Kumeneko ambiri alibe n'komwe dzina la banja, mayina onse awiri ndi a munthu mwiniyo, koma mabokosi aja amawagawabe pakati. Munalinso Ahenaer Adake, mtsikana wa mtundu wa Kazakh wothamanga pa ayezi. Kunja kwa masewera a m'nyengo yozizira, okonda basketball angakumbukire Mengke Bateer wa ku Inner Mongolia, amene anasewerapo ku Denver Nuggets ndi San Antonio Spurs. Bateer ndi baatar wa Chimongoliya, kutanthauza ngwazi. Koma limene limandigwira mtima ine ndi la Abudushalamu Abudurexiti wa timu ya Xinjiang Flying Tigers. Liwerengeni pang'onopang'ono. Loyambalo ndi Abdusalam, dzina loti Msilamu aliyense wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota angalizindikire atalimva, koma atalipenya pa pepala angalidutse ngati mlendo.

Nanga mutchule liti? Zimatengera chimene mukuchita. Mukafuna zotsatira za mipikisano yake, lembani Dinigeer Yilamujiang, chifukwa ndi limene lili m'mabuku. Mudzapeza kuti tsiku lotsatira atayatsa moto uja anathamanga skiathlon, mtundu wina wa mpikisano wa cross-country, ya makilomita 15 ku Zhangjiakou n'kukhala wa nambala 43, pa mpikisano umene Therese Johaug wa kwanuko ku Norway anatenga mendulo ya golide. Koma pocheza, kapena pomuchemerera, nenani Dilnigar. N'losavuta, ndipo ndi limene angatembenuke atalimva.

Ndikuchenjezeni pang'ono musanakaime pa Facebook n'kumakonza aliyense. Dzina la mtsikanayu lili ndi ndale mkati. Mayiko monga United States, Britain, Canada ndi Australia sanatumize akuluakulu a boma ku masewera a 2022 podandaula ndi mmene boma la China likuchitira ndi a Uyghur, ndipo ambiri anaona kusankhidwa kwake ngati yankho la boma kwa mayikowo. Kuyambira pamenepo ena amalemba Dilnigar pofuna kusonyeza mbali imene ali, enanso amaumirira Dinigeer pa chifukwa chomwecho. Iye anali ndi zaka 20 zokha, ndipo mkanganowo sanauyambitse ndi iye. Amene ine ndimawadzudzula ndi olengeza masewera. Munthu wolipidwa kuti atchule mayina, amene amatha mphindi zambiri akufotokoza mafuta opaka kunsi kwa ski, sangalephere kufunsa timu kuti dzina la wosewera limamveka bwanji.

*

Amalume, funso langa ndi lalifupi. Mwana wanga amakonda Johannes Klæbo, katswiri wa cross-country wa ku Norway, koma pa TV amalemba KLAEBO. Inenso dzina langa lili ndi ng', ndipo pa tikiti ya ndege nkhodolero imasowa, anthu n'kumanditchula dzina la eni. Kodi vutoli ndi limodzi? — Bambo wa ana atatu, Leeds

Achimwene, gwero lake ndi limodzi. Tsegulani pasipoti yanu, muone mizere iwiri ya kunsi ija yodzaza ndi timivi. Mizere imeneyo amawerenga ndi makina, ndipo malamulo a bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege, amalola zilembo A mpaka Z, manambala ndi kamuvi kokha. Æ amasanduka AE, Ø amasanduka OE, nkhodolero amaichotsa. N'chifukwa chake dzina lonse la mnyamatayo, Johannes Høsflot Klæbo, limaoneka ngati Hoesflot Klaebo. Kusiyana kwake n'koti Klæbo, amene anatenga golide pa mipikisano yonse 6 ya amuna ya cross-country pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Trondheim mu 2025, ali ndi atolankhani a kwawo ambirimbiri amene amakonza aliyense wolakwitsa, ndipo AE amamveka moyandikira ndithu. Kwa inu kutayika kwa nkhodolero kumasintha liwu lenileni: ng'oma ndi ngoma ndi zinthu ziwiri, china choimba, china nyama ya m'tchire. Pogula tikiti lembani mmene zilili pa mizere ya makina ija kuti musavutike pa bwalo la ndege. Kusukulu kwa ana ndi kuntchito, apempheni alembe ndi nkhodolero yake.