Madzi a mumsana ndi ola limene ndinataya pakhonde la chipatala

Mayi wina wa kuno ku Lilongwe wandilembera imelo ali m'wodi ya ana. Mwana wawo wa miyezi 8 wagonekedwa, madokotala akuganiza kuti ndi matenda oumitsa khosi ndipo akufuna kumutenga madzi a mumsana, koma apongozi awo akukaniza, akuti singano imeneyo ndi imene imapha ana. Akufunsa ngati avomere kapena akane.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu a apongozi anuwo ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo amene ankawanena anali mayi anga ondibereka.

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, anali ndi miyezi 10 pamene anayamba kutentha thupi Loweruka lina m'nyengo yozizira. Monga tinazolowerera ambirife, kuti thupi likangotentha ndiye kuti ndi malungo, ndinathamangira kugolosale kukagula panado wa ana, ndipo kutenthako kutatsika pang'ono tinagona mtima uli m'malo. Lamulungu anakana bere. Kulira kwake kunasintha, kunakhala kokuwa, ndipo tikamunyamula kuti timutonthoze ankalira kwambiri ngati tamupweteka. Mayi ake ndiwo anaona kuti liwombo latupa ndipo lalimba, koma agogo ake, mayi anga aja, amene anali atabwera kudzationa kuchokera kumudzi, anati nkhani ya liwombo si yakuchipatala, imafuna mankhwala achikuda opaka pamutu. Ine ndinagwira khosi la mwanayo, ndinalitembenuza uku ndi uku, ndipo nditaona kuti ndi lofewa ndinanena molimba mtima kuti palibe choopsa.

Dzina limene tinawapatsa matendawa limatisocheretsa. Kuuma khosi kumaonekera bwino mwa ana okulirapo ndi akuluakulu, pamodzi ndi mutu waukulu, kusanza ndi kudana ndi kuwala, koma khanda likhoza kudwala kwambiri khosi lake lili lofewa. Vuto lenileni silili m'khosi ayi. Tizilombo timalowa m'zikutiro zopyapyala za ubongo ndi za mtsempha waukulu wa mumsana n'kuzitupitsa, ndipo ngati tizilomboto ndi mabakiteriya, mwana akhoza kuchoka pa kusewera n'kufika pa kukomoka m'tsiku limodzi lokha.

Wathu anakomoka Lolemba usiku, maso atatembenuka, timanja tikugwedezeka. Tinagogoda kwa aneba amene ali ndi galimoto. Pachipatala chaching'ono anamuyeza magazi, malungo sanapezeke, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu usiku womwewo. Kumeneko dokotala atatchula za madzi a mumsana, mayi anga anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti, "Mwananga, usalole. Mwana wa anzathu kumudzi anamubaya kumsana madzulo, m'mawa mwake tinali pamaliro." Ndinaima pakhondepo pafupifupi ola lathunthu, munthu wophunzira, wovala tayi masiku asanu pa sabata, ndikulephera kunena inde. Amene anandimasula anali namwino wina wachikulire amene sanandikalipire, koma anandifunsa funso limodzi: kodi ana amene amabayidwa kumsana ndi ati, amene abwera ndi chimfine kapena amene afika ali pafupi kutsirizika?

Funso limenelo ndakhala nalo mpaka lero, ndipo likandibwerera ndimapsa mtima ndi mphekesera imeneyi. Ana amene amatengedwa madzi a mumsana ndi odwalitsitsa m'chipatala chonse, ambiri a iwo afika mochedwa atazungulira kugolosale, kwa asing'anga ndi kumapemphero, ndipo wina akamwalira ife timaloza singano chifukwa ndi imene tinaiona komaliza. Masiku atatu amene mwana anagona kunyumba palibe amawatchula pamaliro. Singanoyo imalowa m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu uja umathera, ndipo amatenga timadontho tochepa timene thupi limabwezeretsa lokha m'maola owerengeka. Madokotala enieniwo akaona kuti mwana sali bwino moti n'kubayidwa, amayamba apereka mankhwala, kuyezako n'kudikira. Sikuti amangobaya aliyense mwachisawawa. Ndipo popanda madzi amenewo zimawavuta kusiyanitsa mabakiteriya, mavairasi, chifuwa chachikulu cholowa ku ubongo ndi malungo aakulu, zimene zimafanana maonekedwe koma mankhwala ake ndi osiyana.

Madzi a mumsana a munthu wabwinobwino amakhala oyera mbee ngati a pampopi. A mwana wathu anatuluka otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Anamuika pa ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya odzera m'mtsempha wa magazi, ndipo tinakhala m'wodimo masabata awiri, mayi ake akugona pachitenje pansi pa bedi, ine ndikubweretsa phala m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Anachira, koma khutu lake lakumanzere silimva bwino, ndipo sindinasiyebe kudzifunsa za panado wa Loweruka uja.

Pali ena amene atamva nkhani yathu anati ndiye kuti katemera alibe ntchito, popeza mwanayo analandira onse a kusikelo. Amenewa ndimatsutsana nawo poyera. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wa Hib mu 2002 ndi wa pneumococcus mu 2011, mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14, ndipo awiriwa amateteza ku tizilombo timene tinkatsogola poyambitsa matendawa mwa ana. Sateteza ku mitundu yonse, n'chifukwa chake wathu anadwalabe, koma kusiya katemera pa chifukwa chimenecho kuli ngati kugwetsa mpanda wonse chifukwa mbuzi imodzi yapeza polowera.

Tsono muchite chiyani?

Vomerani, mayi, ndipo musadikire kuti abale onse agwirizane kaye. Funsani dokotala ngati mankhwala ayambika kale komanso kuti zotsatira zituluka liti. Mwana akayamba kupeza bwino musapemphe kutuluka jakisoni asanathe, ngakhale ndalama ya chakudya itakutherani, ndipo potuluka mupemphe kuti adzamuyeze makutu. Apongozi anu musalimbane nawo, chifukwa nawonso ndi mantha a mdzukulu wawo amene akuwalankhulitsa. Atengeni mukawakhazike pamaso pa namwino kuti adzifunsire okha.

Mayi anga sananenepo kuti analakwitsa, ndipo ine sindinawakumbutsepo. Koma akabwera kuno ku Lilongwe n'kufuna kumusimbira nthano mdzukulu wawoyo, amayamba asuntha mpando wawo kuti akhale mbali ya khutu lake lakumanja.