Pitani ku Social Welfare maliro asanazizire

Asisi, poti mwana wa malemu mchemwali wanuyo mwangomutenga kumene, mawa lomweli dzukirani ku ofesi ya Social Welfare. Akulembereni kuti mwanayo ali m'manja mwanu. Zoti "tinagwirizana pamaliro" sizigwira ntchito tsiku la mavuto.

Wanga ndi wa malemu mng'ono wanga, ndipo bambo akenso anali atatisiya kale. Pamaliro akuchimuna onse anangoti zii, wina mpaka anati tilibe pogwira, mutengeni inuyo. Ndinabwera naye kuno ku Chibavi. Ankakodza pogona pafupifupi usiku uliwonse, ine ndi mabulangeti m'manja mu June wa Mzuzu uno, dzuwa osaoneka, zofunda osauma. Palibe anaimbako foni ngakhale kufunsa kuti sopo alipo.

Ndiye ali Sitandade 3, ndikuchokera kumsika ndikupeza chitseko chili pululu. Nsima imene ndinamusiyira ili chivundikirire, patapata mmodzi ali pakhonde. Aneba akuti kunabwera azakhali ake ndi bambo wina, amukweza pa njinga yamoto mwana akukuwa kuti amama, amama, iwo nkumauza anthu kuti ng'ombe tinapereka, mwana ndi wathu. Miyendo inafooka, ndinangokhala pansi pomwepo ndi thumba la tomato. Ng'ombe! Mwana akutentha thupi pakati pa usiku ng'ombezo zinali kuti? Anthu opanda manyazi. Anamva kuti ndalama za kuntchito kwa bambo ake zatuluka, basi ndi pomwe anakumbukira kuti ali ndi magazi awo ku Mzuzu.

Kupolisi, ku Victim Support Unit, anandilandira bwino, koma funso loyamba linali la pepala losonyeza kuti ndine womulera. A Social Welfare, amfumu a kwawoko ndi amayi a kumpingo kwathu atakhala pansi ndi akuchimunawo, m'pamene mwana anabwerera. Anabwera ataonda, osayankhula, ndipo kukodza kuja kunayambiranso.

Kulera mwana kudzera ku Social Welfare, kumene amati foster, ndi kosiyana ndi adoption, yomwe ndi kumutenga mwana kukhala wanuwanu mwalamulo. Adoption imathera kukhoti, ndipo khoti limayamba lamva lipoti la amene abwera kudzaona pakhomo panu. Ngati ndalama ya loya palibe, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mom'muno. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika patsogolo ubwino wa mwana, osati amene wakuwa kwambiri, ndipo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa ana amasiye ndi mlandu. Sungani buku lake la kuchipatala, satifiketi ya imfa ya mayi ake, mumutengerenso ya kubadwa ku NRB. Kusukulu mukanene kwa ahedi mayina a anthu ololedwa kumutenga. Zikavuta usiku imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Akamalota zoopsa kapena kungokhala duu, musamukalipire, pitani naye ku St John of God, kuli aphungu odziwa kucheza ndi ana.

Komabe akuchimunawo musadane nawo, asisi. Pa holide muzipita naye akaone agogo ake, mwana asakule osadziwa kwawo kwa bambo ake. Ine azakhali aja mpaka lero sindiwapatsa moni ndipo pakhomo panga saponda, koma inu yesetsani. Mukapita naye, mubwere naye tsiku lomwelo.